Pamene Panasowa Mwala Umodzi

Bambo anga, a Mieczysław, anayala miyala zaka makumi atatu
m'misewu ya mu Wrocław, chogwada,
nyundo yamphira ili kudzanja lamanja.
Dzanjalo lero langokhala pabondo
ngati mlendo amene sanauzidwe kuti mwambo unatha kale.
Mausi amakankha ndi lamanzere,
pang'onopang'ono, ngati wilibala yodzaza mchenga.

Gemuyi ndinawaikira ndine mu Novembala,
atatopa kuwerenga sitima zamumsewu pawindo.
Kamudzi kamakedzana: tchalitchi chamatabwa,
anthu khumi ndi awiri, ng'ombe imodzi yokoka zipika,
ndi dambo lopanda ntchito chakummawa.

Ine ndikamasewera ndimathamangira linga,
nsanja, asilikali a mikondo.
Iwo ayi.
Sabata yathunthu anangojambula misewu.
Kuchoka kwa wodula mitengo kukafika kocheka matabwa,
kuchoka kophwanya miyala kutsetsereka mpaka kumsika,
kukhota pokhapo pamene phiri lakana.
"Katundu salemera," ankatero, pakamwa patapotoka,
mawu akutuluka ngati akuwoloka matope,
"cholemera ndi mtunda."

Ndipo tianthu tawo tinkayendadi.
Tirigu kuchigayo cha mphepo, ufa kwa wophika buledi,
makala kwa wosula makasu.
Ankatidziwa tonse.
Wina wa chipewa chobiriwira anamutcha Waldek,
ati ndi waulesi ngati mnzawo wa kuntchito uja.

Kenako chipale chofewa chinagwa,
m'gemumo ndi panja pomwe.
Buledi anatha.
Pamwamba pa sikirini nambala inkanena kuti tirigu alipo,
matumba mazana awiri mphambu khumi ndi anayi,
koma chigayo chinkangopera mphepo.
Belu la tchalitchi linalira kawiri tsiku limodzi.
Mabanja awiri anamanga mitolo
n'kulowera kumene mapu amathera.

Ndinati, "Tingoyambiranso, bambo, batani lake ndi ili."
Anandiyang'ana mmene anayang'anira dokotala uja
amene anati dzanja lija tisaliyembekezere kwambiri.

Msuzi wa bitiruti unazizira patebulo.
Anayandikitsa chithunzi mpaka madenga anaoneka udzu wake,
anasankha mayi mmodzi wosenza thumba
n'kuyamba kumulondola.
Kutuluka m'nkhokwe. Kudutsa pachitsime.
Kuseri kwa nyumba ya wofufuta zikopa, mayi uja njii,
tembenu, kubwerera ndi thumba lake lomwelo.
Ulendo wachiwiri chimodzimodzi.
Wachitatu ndinaona nanenso:
pakamwa penipeni pa mlatho, msewu unali woduka,
kampata kochepa ngati chikhadabo,
pamene dzanja linanjenjemera tsiku lina osadziwa.

Anaphonya koyamba, mwala n'kugwera m'munda wa kabichi.
Kachiwiri unagwera mumtsinje.
Manja anga ndinawakhalira.
Kachitatu anatukwana, mawu omveka bwino kwambiri
chichokereni kuchipatala.
Kachinayi mwala unakhala.

Mayi uja anawoloka osacheuka n'komwe.
Pambuyo pake ng'ombe, pambuyo pake Waldek,
mochedwa monga mwa masiku onse.
Utsi unayamba kutuluka kwa wophika buledi.
Mabanja awiri aja sanabwerere,
gemuyi sibweza anthu.

Bambo anaseka ndi theka la kamwa.
Atatero anaweramira dzanja lija pabondo,
kuliyang'ana nthawi yaitali,
mmene ankayang'anira msewu wotitimira
asanaitanitse nyundo.
Panja galimoto yothira mchere inadutsa,
nyali yake yachikasu ikuzungulira padenga.

"Mawa uwaimbire a Dobrochna," anatero,
"abwere ndi kampira kawo kofinya kaja."
Ndisanayankhe anali atabwerera kale kumapu.
"Dambo ili tilidutsitsa msewu.
Pafunika miyala makumi anayi."
Ndinayang'ana pamwamba pa sikirini.
Tinali nayo isanu ndi umodzi.