Zigamba pa Mpondabwino

Ambuye, ndine uja wa makina akale
pakhonde la golosale pa Mpondabwino,
pamene fumbi la minibasi limagwera pa ulusi.
Ndabwera ndi kamlandu.

Dzulo abusa Makwinja anawerenga mawu anu aja
oletsa chigamba chatsopano pa chovala chakutha.
Mpingo wonse unati ameni,
ine ndinangoyang'ana zala zanga.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndadyera zigamba, Ambuye,
ana anga anayi aphunzira ndi zigamba,
ngakhale chopereka ndinaponya m'mbale muja
chinachokera pa bondo la buluku la munthu.

Lero nkhungu isanachoke paphiri
wafika Che Mdoka wa kabaza,
buluku kumbuyo langotsala ngati sefa,
chishalo chadya zonse.
Akuti, mayi, mundikonzere, lina ndilibe.
Ndam'bwereka chitenje, wakhala pa benchi
miyendo pamodzi, maso pansi,
makasitomala ake akukwera njinga za ena.
Ndikanamuuza chiyani? Kuti malemba akana?

Ndakhuthula thumba la zidutswa:
kolala wa yunifolomu ya mwana wa sukulu,
mkono wa jekete la pa kaunjika,
chotsala cha diresi la ukwati
umene unatha chimanga chisanache.

Koma ndikuuzeni chinsinsi cha ntchito,
ngakhale palibe chobisika kwa inu.
Nsalu yatsopano sindiisoka pomwepo.
Ndimayamba ndaiviika m'beseni,
ndiitikite, ndiifinye, ndiiyanike padzuwa,
ikhwinyate, ileke kudzimva.
Ikatero imagwirana ndi yakale osakokana.

Ndili mkati mofinya ndinaima, madzi akutsika m'zigongono.
Kodi si zimene munachita inu?
Zaka makumi atatu m'fumbi la matabwa,
kenaka kuviikidwa mumtsinje wamatope,
dzuwa la m'chipululu, ludzu,
mpaka anthu oipa anakufinyani,
kuti pokusokererani pa ife akuthafe
musating'ambe.
Sindinapite ku sukulu ya ubusa,
ngati ndalakwa, abusa adzandikonza Lachinayi.

Mlandu weniweni ndi uwu tsopano.
Chichokereni bambo a Esinala
m'wodi muja ku chipatala chachikulu,
usiku umene Likangala anasefukira
ine ndili tsidya lino ndi phala m'kontena,
pemphero langa lili ngati makina
pamene ulusi wapansi watha m'bobini.
Phazi likupalasa, singano ikuyenda,
phokoso lili bwinobwino, odutsa akuti ntchito ikutheka,
koma ukanyamula nsalu
zonse zili padera,
mwangotsala mzere wa timabowo.

Ndimaimabe ku chigwirizano,
bulauzi yoyera ndimaisita ndi makala,
ndimapita ku maliro a ena ndi kuyambitsa nyimbo.
Mlamu wanga amene anatenga malata
sindinamupatsebe moni,
tikakumana pa msika ndimawerama
ngati ndikusankha tomato.
Izonso mukuzidziwa.

Che Mdoka wavala buluku lake,
wadzigwira kumbuyo, waseka,
wandipatsa theka, akuti yotsala mawa.
Mawa lake ndimalidziwa,
koma nanenso kwa inu ndimalipira chomwecho.

Mvula yayamba kutsika kuchokera ku Chawe,
ogulitsa mbatata akuthawira m'makonde,
ku mzikiti akuitana anthu awo.
Ndaphimba makina ndi pulasitiki,
ndatola mapini amene anagwa pansi,
imodzi yandibaya.

Ndiye lero sindipempha zambiri.
Ndichoka pampando wa telala,
ndikhala pa benchi paja pakali pofunda,
ndidziphimba chitenje changa chomwe,
miyendo pamodzi, maso pansi.
Mtima uwu, Ambuye,
mwauona mmene wathera.
Mundikonzere,
wina ndilibe.
Ndidikira, ngakhale kude.