Sindinasutepo

Sindinasutepo, ine.
Kafunseni a kwaya ku Chamama,
kafunseni Mwatitha amene ndinamuyamwitsa:
milomo iyi sinapanepo ndudu.
Koma Lachiwiri lija, dzuwa lisanafike paliwombo,
ndinagwada pakati pa mizere
n'kusanza ngati wogonera kachasu.

Tinalowa m'munda nkhuku zisanatsike.
Fodya wa Febuluwale amandifika m'mapewa,
ndipo mame ake si mame a pa udzu,
amamata.
Tsamba ndikathyola ndimapanira m'khwapa,
lina pa linzake, lina pa linzake,
mpaka bulauzi kusanduka khungu lachiwiri,
zikhatho bii ndi phula.

Anayamba ndi malovu,
kudzaza m'kamwa ngati ndaona bwemba.
Kenaka mtima unanyamuka liwiro
mwini wake nditaima.
Mizere inapindika,
chigafa chinapendama ndi mikangala yake yonse,
thukuta lozizira, mawondo phala.

Kapitawo wathu, a Kadzakalowa, anati malungo.
Apongozi anayang'ana mimba yanga, osanena kanthu.
Wina anathamangira mkaka.

Kuchipatala anandibaya chala.
Mzere umodzi: malungo palibe.
Namwino, kamtsikana ka kwa a Chikuse,
anatembenuza dzanja langa, nalinunkhiza.
"Mayi, mwasuta."
Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamutukwana.
"Mwasuta ndi khungu," anatero,
"vulani izi, kasambeni ndi sopo."

Ndili chigonere, madzi akudontha mu dripi,
anandiuza za chikonga.
Akuti chimakhala chete m'tsamba,
mame amachisungunula ngati mchere,
ndipo khungu lonyowa ndi chitseko chopanda mpiringidzo.
Chikalowa m'magazi chimakafika pa mphambano
pamene mtsempha umanong'oneza unzake,
chimabera mawu a mthenga n'kuyamba kukuwa:
mtima thamanga! chifu finya! thukuta tuluka!
Thupi limamvera, poti mawuwo likuwadziwa.
Chikachuluka, mitsempha imatopa ndi phokoso
n'kugontha.

Ndinafunsa: nanga tinalilakwira chiyani tsambalo,
ife olithirira kuyambira ku nazale?
Anaseka pang'ono.
Akuti fodya sanachiphikire ife.
Alibe miyendo yothawira, alibe mano,
ndiye anaphika ululu woti mbozi ikaluma
iphiriphithe, iume, igwe.
Tsamba silidziwa dzina la munthu.
Kwa ilo ndine mbozi chabe,
yaikulu, yovala chitenje.

Bambo a Mwatitha amathyola mzere womwewo akuimba likhweru.
Chingambwe anachiyamba asanamere ndevu,
thupi lawo linazolowera mlendo, linaleka kukuwa.
"Yamba kusuta, uchira," amandiseka.
Usiku ndimamva chifuwa chawo
chikung'amba mdima ngati nsalu yakale,
sindiyankha.

Masiku awiri ndinadzuka.
Ndinang'amba pulasitiki ya m'thumba la feteleza,
ndinaboola pa mutu ndi pa mikono.
Ndimayenda m'mizere ndikuchita phokoso,
mkatimo ndikupsa ngati mbatata ya pa phulusa.
Namwino anati tizidikira mame akamuke.
Ndinakawauza a Kadzakalowa.
Anayang'ana mitambo, anayang'ana kabuku ka ngongole,
nati mame alibe tsiku lobweza.

Dzulo Mwatitha, wa zaka khumi ndi chimodzi,
ananditsatira ndi timikono take poyera:
"Amayi, ndikuthandizeni kunyamula."
Ndinamukalipira mpaka analira,
ndinamuponyera makope ake pa njira ya kusukulu.
Akuganiza kuti ndamuda.
Thupi lake ndi theka la langa,
ndipo tsamba silichepetsa muyeso poona mwana.

Mvula ikatha, mabelo adzakwera lole ya ku Chinkhoma.
Kumeneko adzawaika pa sikelo,
adzafunyulula, adzanunkhiza, adzatchula mtengo
m'chilankhulo chothamanga.
Adzachotsa za feteleza, za chimanga tinadya, za chiguduli.
Koma chija chinatsala mwa ine
m'mawa wa Lachiwiri, pa mzere wachisanu ndi chiwiri,
palibe adzachilembe pa pepala.