Mchere Suuluka

Mbuna zanga ndinapatsa mwana wa a Likongwe
Loweruka, m'ndowa ziwiri, pa kabaza.
Zaka zisanu ndi zinayi ndikuzidyetsa,
koma pochoka sizinacheuke n'komwe.
Mbuna sisunga mangawa:
ipatse madzi a pampopi, magetsi athime masiku awiri,
uipeza ikulimbirana mwala womwewo ndi inzake.

Ndinatsuka galasi katatu.
Ndinaitanitsa mchere ku Lilongwe,
mtengo wake sindinamuuze NaNgondo.
Iye anaviika chala m'thumba, n'kulawa:
"Wa ku golosale unakulakwirani chiyani?
Mjigo wa kwathu anthu anauthawa chifukwa cha mchere,
inu mukuthiramo dala."

Twaibu, woyendetsa thiraki ya ku Nacala,
anatsika pa Kaphatenga ndi miyala itatu
yokulunga m'nyuzipepala yonyowa,
ikununkha doko lomwe sindinalionepo.
Anati miyalayi ndi yamoyo.
Anati kuona maso a nkhono n'kudekha,
n'kukwera thiraki yake.

Milungu isanu ndikuweta madzi okhaokha.
Anzanga a pa bawo ankabwera kudzasuzumira:
"Nsomba zili kuti, achimwene?"
Ndinkati zikubwera.
Ankatuluka akutsinana.
Ndere zinakuta mchenga ngati dzimbiri pa lata,
kenako zinachoka zokha, osatsanzika.
Usiku wina tochi inandionetsa
kanthu kochepa ngati nsabwe kakuthamanga pamwala.
Ndinadzutsa nyumba yonse.

Korali woyamba ndinamupha ndine.
Okutobala wa ku Salima alibe chisoni,
malata ankalira ndi kutentha,
magetsi anapita m'mawa osabwerera.
Ndinayandamitsa mabotolo a madzi oundana
obwereka kwa mayi wogulitsa mafirizesi,
ndinatunga ndi kapu n'kuthira, kutunga n'kuthira,
kuti madzi apume,
mpaka mkono unaleka kukhala wanga.
Kutacha anali mbuu, ngati fupa la nkhuku.
Ndinamuika pawindo. Akadali pomwepo.

Pano batire ya njinga yamoto imagona pansi pa tebulo,
mawaya ake ali chire.
Ndikamva firiji yasiya kung'ung'udza
ndimadzuka ndisanadziwe kuti ndadzuka.

Pagalasi ndinalemba mzere ndi cholembera chakuda.
Tsiku lililonse madzi amatsika chala chimodzi.
Ndinali nditanyamula kale jagi ya madzi amchere
pamene Mwatitha, wa Fomu 3, anandigwira dzanja:
"Ababa, mchere suuluka.
Amachoka ndi madzi okha.
Mukathira amchere, muwawitsa nyanja yanu."
Ndinakhala pansi ndi jagi pamwendo.
Ndinakumbuka malaya a malemu bambo anga
atauma pachingwe pobwera ku munda wa thonje,
mizere yoyera ili pamsana.

Tsono madzulo alionse ndimathira madzi oyera,
aja ogulitsa m'mabotolo kwa okonza mabatire,
pang'onopang'ono, mpaka pamzere.

Nsomba zilipo ziwiri basi,
zofiira ngati papaya wakupsa, malamba oyera m'chiuno,
zimasambira mogwedera ngati zikuphunzira njinga.
Nkhono zitatu zimapala galasi osalipidwa.
Korali wachiwiri ndi wochepa ngati chikhadabo,
ukayatsa nyale amazengereza,
kenako amatambasula timanja tobiriwira,
kamodzi, kenanso, kenanso,
ngati ana a sukulu omwe sakudziwa bwino yankho.

Ndinabadwira mtunda wa ola limodzi pa njinga
kuchokera ku madzi okoma osaoneka tsidya.
Nyanja yamchere sindinaipondepo.
Yanga ndi ya malita makumi asanu ndi limodzi,
ili pakati pa kabati ndi makina osokera.

Dzulo ndapeza mpando wa NaNgondo utasuntha.
Wayang'ana kugalasi.
Sindinafunse.
Iyenso sanafunsebe mtengo wa mchere.