Masitepe a Eladio

Zaka makumi awiri ndinkamugulitsa fodya,
ndudu khumi m'mawa, khumi zina pochokera kudoko,
ndipo sindinafunsepo za chifuwa chija
chomwe chinkafika pakhomo la sitolo yanga mwini wake asanafike.
Ndalama ndi ndalama, ndinkatero
ndikupukuta sikelo.

Kenaka mwezi wa Julayi, kukuzizira,
mphepo ya kunyanja ikulowa m'ming'alu yonse ya Valparaíso,
Eladio anagwa pamzere wa buledi.
Sanakomoke ayi. Anangokhala pansi
ngati thumba la simenti lomwe wonyamula watopa nalo,
nkhope ili mbuu.

Anabwerako kuchipatala ndi kapepala m'thumba la malaya.
Dokotala Quilodrán, mtsikana wa msinkhu wa mwana wake,
analemba tinthu tating'ono tokhatokha:
mchere ndi zala ziwiri, osati dzanja.
Madzi kaye, khofi pambuyo.
Kugona nthawi yake, ngakhale mpira uli pa kanema.
Ndipo m'munsi, atadula mzere kawiri:
chikepe muchisiye, kwerani ndi miyendo.

Chikepe chathu chakale chija, chokwera phiri zitsulo zikulira,
chinataya kasitomala.
Inenso ndinataya.

Tsiku loyamba anakwera masitepe khumi ndi anayi
n'kukhala pansi pafupi ndi galu wa a Ulloa,
onse awiri malilime kunja.
Ana a sukulu anamulambalala ngati mwala.
Ine pazenera ndinati: sabata siitha, abwera.
Ndinamusungira paketi kuseri kwa sopo.

Anabweradi, koma anabwerera mandimu.
Anabwerera nyemba, tomato, anyezi.
Nsomba ankaiwotcha m'malo moikazinga,
akudandaula kuti ikukoma ngati nyuzipepala yonyowa.
Akatha kudya, zala zinkafunafuna m'thumba chinthu chomwe mulibe,
ndiye ankasenda lalanje pang'onopang'ono,
khungu lonse limodzi osaduka,
kufikira chilakolako chitadutsa
ngati sitima yopanda katundu wa kuno.

Makumi atatu. Makumi asanu ndi limodzi.
Mvula ya Ogasiti inamubweza kawiri, chimfine kamodzi.
Tsiku la maliro a mchimwene wake anasuta imodzi,
anandiuza yekha, maso ali pa sikelo,
m'mawa mwake n'kuyambanso pa sitepe yoyamba.
Paketi ija ndinaigulitsa kwa woyendetsa basi.

Tsopano amafika pamwamba penipeni,
pomwe nyumba za malata opaka utoto zimathera m'mitengo.
Amayang'ana doko lomwe linamudya msana
n'kutsika akuimba mluzu, bondo lamanzere likuvomera.

Dzulo anaima pakhomo, thukuta lili kamukamu,
osagula kanthu.
Anayang'ana mapazi anga otupa m'patapata,
kampando komwe ndakhalapo chimwalirire mwamuna wanga,
botolo la chakumwa chotsekemera pafupi ndi kabati ya ndalama.
"Herminia," anatero, "khumi ndi anayi okha.
Galu uja akadalipo, amadikira."

Ndinamuuza kuti sitolo ilibe woisiyira.
Ndinamuuza za mawondo, za ukalamba, za nsapato.
Anangogwedeza mutu
ngati munthu womva bodza lomwe analinenapo yekha.

Lero ndadzuka mdima usanachoke.
Ndamwa madzi, kapu yodzaza, ozizira mpaka m'mano.
Nsapato za mwana wanga Maite zikukhwepa,
ndafutsamo mapepala.
Pachitseko ndapachika katoni: NDIBWERA POSACHEDWA.

Sitepe yachisanu ndi chinayi ili ndi mng'alu womera kaudzu,
zaka zonsezi sindinkadziwa.
Mtima ukugogoda ngati wodzatenga ngongole.
Kumtunda, Eladio sakucheuka,
koma ndaona kuti wachepetsa liwiro.