Galimoto Yakula, Bambo Achepa

Ketill anayamba ndi kuyeza.
Tepi pakamwa, choko kukhutu,
anaizungulira kawiri pikapu ya bambo
ngati wogula hatchi wobisa kuti waikonda.
"Awa salowa mwaulemu," anatero.
"Tidula."

Ndinasaina ndine.
Bambo anaima panja, mphepo ya ku Selfoss ikuwalanda chipewa,
akunamizira kuwerenga mitengo ya mabatire pawindo.
Zaka makumi awiri aiyendetsa galimotoyi
osaiboola ngakhale kabowo ka wailesi.

Chopukusira chinalira, moto n'kuthetheka.
Madigadi inagwa pansi ngati chikhadabo chowengedwa,
ndipo munatuluka dzimbiri,
mchenga wakuda wa chaka chomwe mtsinje unasefukira,
ndi kaubweya ka nkhosa
kamene sindikudziwa kanafikamo bwanji.

Kenako anawagubuduza, anayi,
lililonse londifika m'chiuno,
akununkha rabala, timinga tawo tisanathothoke.
Mainchesi makumi atatu ndi asanu ndi atatu.
Akale aja anawasanjika pakona,
osalala ngati mbale zotsuka,
ndipo ndinawachitira manyazi.

Si kunyada ayi.
Chaka chatha chipale chofewa chinafulumira,
chinatseka phiri nkhosa zisanu ndi ziwiri zili kuseri.
Tinapita. Tinatitimira pamtunda wachiwiri,
tinafosholo mpaka mdima,
matayala akungodzikumbira manda.
Tinazipeza dzuwa litabwerera:
mafupa, ubweya, ndi manambala achikasu a m'makutu.
Bambo anawatola n'kuwaponya m'kabokosi ka patsogolo.
Akadali momwemo. Amalira pabampu iliyonse.

Ketill anamanga manati modumphadumpha,
ili, la kutsidya, kubwerera,
sipanala ikuti kha! pofika muyeso.
Jeki itatsika, galimoto sinatsike.
Inangokhala m'mwamba momwemo, ikutiyang'ana pamutu.

"Muvi wa liwiro tsopano ndi wabodza," anatichenjeza.
"Ukati makumi asanu ndi awiri, mwapitirira kale."
"Ngati dokotala wanga," anayankha bambo,
mawu awo oyamba tsikulo.

Anagwira chitseko. Anatukula mwendo.
Bondo linakana.
Anayesa lina, nalonso linakana.
Ketill anapeza chochita ndi nsanza yake,
ine ndinakatenga kireti ya mabotolo kuseri,
ndinaivundikira pansi osanena kanthu.
Anaiponda ngati akuponda njoka imene kuno kulibe.
Ndipo sanapite kuchiwongolero.
Anazungulira, nakakhala mbali inayo,
zipewa ziwiri za ine ndi iwo zitagundana padenga la maganizo.

Kunyumba galaja inatikana, chitseko chafupika.
Pikapu inagona panja, chisanu chikuiyala nsalu.

Loweruka tinakwera.
Pomwe msewu umathera, bambo anati, "Ima, Oddný."
Kutsika n'kosavuta, thupi limadziwa kugwa.
Anagwada pa tayala lakutsogolo,
anadina valavu ndi msomali wa m'thumba,
khutu pafupi, milomo ikuwerenga.
Mpweya unatuluka ukuti siiii,
tayala n'kuphwa, n'kutambasuka,
n'kukhala phazi la tsekwe.
Geji ndinali nayo m'manja. Sanaifunse.
Anayi onse anawaphwetsa ndi khutu,
ndipo poyeza ndinapeza asiyana pang'ono chabe,
pang'ono poti sindinawauze.

Kuwadzutsa kunatenga mapewa anga onse.
Kireti ndinali nditaiponya kumbuyo.

"Giya yaing'ono. Usakankhe. Isiye iganize."
Tinalowa m'choyeracho pang'onopang'ono,
ndikudikira kumira kuja ndimakudziwa,
kugwa kwa mimba, kulira kwa injini.
Sikunabwere.
Tinayandama, matani awiri a chitsulo,
pamwamba pa malo omwe tinasiya fosholo chaka chatha.

Manambala aja anali chete, poti chipale chilibe mabampu.
Bambo anapukuta galasi ndi mkono wa juzi,
anasuzumira kuseri kwa phiri,
nayamba kuitana nkhosa
ndi mluzu wawo wa mano awiri,
windo lili chitsekere.