Buku Lodzibweza Lokha

Kuno ku Oulu, mwezi wa Novembala,
dzuwa limangosuzumira ngati mlendo wamanyazi
n'kubwerera lisanalonjeredwe.
Bondo langa linakana njira ya ku laibulale,
madzi oundana pakhomo sasewera ndi nkhalamba.
Ndiye Tuuli, mtsikana wa pa kauntala uja,
anandilongera laibulale yonse m'kagalasi aka,
kopyapyala kuposa kagawo ka buledi.
Amvekere, "Mayi Aune, ingokhudzani apa."
Ndinakhudza.

Galasi linati: ndinu wa nambala 17.

Ndinaseka ndekha m'khitchini.
Mzere wa chiyani pa chinthu chopanda thupi?
Wachifumbata ndani kuti ine ndisachigwire?
Tuuli akuti anagula makope atatu okha.
Kani mphepo nayo, ikapeza mwini wake,
imayezedwa ndi kapu.

Ndinadikira masabata khumi ndi imodzi.
Anthu onsewo patsogolo panga,
osatsokomola, osandiponda chala,
osadandaula nane za kuzizira.
Mwina wina ndi woyendetsa basi ya usiku,
mwina Reijo wa chipinda cham'mwamba
amene timangogwedezerana mitu pa masitepe.
Mzere wachete chonchi sindinauimepo.

Linafika Lachiwiri m'mawa, ndikumwa mankhwala.
Ndinatambasula zilembo ndi zala ziwiri
mpaka liwu lililonse linanenepa ngati mbatata.
Zaka zisanu maso anga anali atandimana mabuku.
Tsiku limenelo khofi anazizira m'kapu
ine osadziwa n'komwe.
Apa pokha ndiyamike, choyamika chilipo.

Koma bukuli layera mopitirira.
Mulibe dontho la msuzi, mulibe tsamba lopindidwa,
palibe analemba ndi pensulo m'mphepete kuti "bodza ili!"
Chaka cha 1971, m'buku lina la za zombo,
ndinapezamo kapepala ka zogula:
misomali, machesi, soseji,
kuseri kwake dzina, Veikko Kemppainen,
zilembo zopendama ngati mpanda wa chidakwa.
Ndinafunsa pa kauntala, anandilozera kumene amakhala,
ndinakam'bwezera kapepala kake.
Zaka makumi anayi ndi zinayi anandigulira machesi
munthu ameneyo,
soseji ndiye ankaiwala nthawi zonse.

M'galasi muno munthu angaiwalemo chiyani?

Masiku khumi ndi anayi ndi ochepa
kwa wowerenga molondola ndi chala.
Usiku womaliza ndinatsala ndi mitu itatu.
Mayi wa m'nkhanimo anali ataima pa doko,
kalata ili m'manja, asanaitsegule.
Ndinadzuka kukateleka ketulo.
Pobwera, koloko itadutsa pakati pa usiku,
buku linali litanyamuka lokha,
osatsanzika, osamenyetsa chitseko.
Pamalo pake panangotsala chithunzi cha chikuto, chotuwa.

"Ubwino wake kulibe chindapusa," akutero Tuuli pa foni,
mawu ake ali owala ngati wandipatsa mphatso.
Mwanawe, ine ndikadalipira.
Kale ndinkawerengera timakobidi tanga pa kauntala
nkhope ili gwa, mtima ukuseka,
poti ndagona nalo buku sabata yowonjezera
ndipo palibe akadandilanda pansi pa pilo.

Tsono pena pake mu mzinda uno
foni ya wina yalira m'thumba la jekete,
ndipo mayi uja wabwerera pa tsamba loyamba:
ndi mtsikana, tsitsi lili m'mapewa,
sanakumane ndi aliyense,
kalata sinalembedwe.
Iwe wolandira, kaya ndiwe yani,
fulumirako pang'ono pa mutu wachinayi,
mulibe zambiri mmenemo.

Ndakhudzanso.
Ndinu wa nambala 14.

Chabwino.
Pofika nthawiyo chipale chidzakhala chikudontha pa madenga,
mtsinje utayamba kung'aluka,
bondo mwina litandikhululukira.
Ndalemba nambala ya tsamba pa khoma, pafupi ndi kalendala,
ndi pensulo ya Veikko.

Mayi iwe wa pa doko,
ukafikanso pamenepo, igwire bwino kalatayo.
Usaitsegule ndisanabwere.