Mpata wa Lezala

M'mawa ilibe mlandu.
Mame akadali pa chishalo, ndikangoiponda kamodzi
imatsokomola pang'ono n'kuyamba kung'ung'udza
ngati munthu amene wagona bwino.
Nkhani ndi masana.

Lachiwiri lija pa Kapata,
nditatsitsa mathireyi a mazira a ku Msekera,
ndinaizimitsa kuti ndiwerenge chenji.
Basi.
Kuponda, zii. Kupondanso, zii.
Kiki inandibwezera pa msongolo,
azimayi a tomato anasiya kuitana ogula
kuti aonerere thukuta langa.
Mnyamata wa wilibala anati, Mudala, igulitseni kwa a zitsulo,
kenaka anandikankha mpaka pa msewu wa phula
n'kutambasula dzanja.

Ndinagula pulagi yatsopano. Palibe.
Ndinatsuka kabyuleta ndi mswachi wakale,
kuuzira m'timabowo take
mpaka tiyi kumveka petulo sabata yathunthu.
Wina ku Mchini anati ndi koyilo.
Wina anati ndi a kumudzi, aona kuti mazira akuyenda.
Koyilo ndinasintha.
A kumudzi ndinawasiya.

Pa msewu wa ku Lundazi pali kashedi ka malata atatu
ka Mai Mzamose Zimba.
Sanandifunse zambiri.
Anayandikiza chikhatho pa injini osaikhudza,
anati, Igone pano.
Yotentha sindiifunsa kanthu, imanama.

Ndinapita wapansi ku Navutika, chisoti m'manja,
ndikukumbuka mwini wake woyamba,
atate, amene anaigula ndi ndalama za thonje.
Iwonso akabwera kumunda dzuwa lili paliwombo
amayi ankatithamangitsira kuseri kwa nkhokwe,
ankati, Asiyeni azizire,
za fizi mukambe madzulo.

Kutacha, chitsulo chili zii ngati mwala wa mu Lunkhwakwa,
anamasula tizivundikiro tiwiri ta pamutu,
anazunguliza injini pang'onopang'ono, diso pa kabowo,
mpaka chizindikiro chitaima pakati.
M'thumba la ovolosi anatulutsa lezala wakutha
nayesa kumulowetsa pamwamba pa valavu ya utsi.
Anakana.
Ngakhale tsitsi silikanadutsa.

Mwaona? Chitsulo chikatentha chimatalika.
Chikasowa potalikira, valavu sitseka,
mphamvu yonse imathawira m'mbali.
Inu mumaponda mphepo, a Lungu,
miyezi itatu mukuponda mphepo.

Sipanala ya naini, kasikuluwu kubwerera m'mbuyo
pang'ono kuposa mmene ndinkaganizira.
Lezala analowa, akukoka pang'ono
ngati mpeni m'papaya wosapsetsa.
Anamanga, anayesanso, sanakhutire,
anamasula, anayesanso.
Ine chiimire ndi koyilo yanga ya ndalama zambiri
yomwe sinalakwe kanthu.

Itadzuka inali ndi kamawu katsopano,
tiki tiki tiki, ngati wotchi ya m'kalasi.
Ndinati, Mai, mwaiwononga.
Anaseka akupukuta zala pa chiguduli:
Yolongolola ili moyo.
Muziopa ikakhala chete.

Ndinaithamangitsa mpaka ku Mwami,
kudutsa malole oima pamzere ndi anyamata osintha ndalama,
n'kubwerera dzuwa likuwotcha khosi.
Pa Kapata pomwe paja ndinaizimitsa dala.
Ndinagula chinangwa chootcha, ndinadya osafulumira,
injini ikuthetheka yokha pansi pa thanki.
Azimayi a tomato anayamba kugwedezana zigongono.
Wa wilibala anayandikira, akupinda malaya.

Ndinaponda kamodzi.

Mai Zimba ndinawalipira ndi thireyi imodzi
ndi ndalama zomwe ananena, osatsitsa.
Lezala anandipatsa.
Ali m'kabokosi ka zida, wokulungidwa mu lisiti ya koyilo.
Mnyamata uja amandiyang'anabe ndikafika,
ndipo tsiku lina ndinamupatsa dzira lophwanyika pang'ono
poti ntchito yake ndinamulanda.